Mwana Wanga Ankapuma M'foni

Ndikupatseni moni nonse, amayi, abambo, ndi inu anyamata mwakhala kumbuyoko. Ambiri mumandidziwa kuti ndine amake Nando, amene ndimagula matemba ndi milamba kwa asodzi kuno ku Chiuta n'kukagulitsa ku Entre Lagos. Ena mumandidziwa ndi dzina limene munkanditchula ndikadutsa, loti mayi wopenga wa pa baraka, kagolosale kaja ka a Saide. Ndinkamva. Sindikukwiyirani, chifukwa simunkanama kwenikweni.

Andiuza kuti pagulu lino pali ofedwa, ndiponso pali ena amene foni yawadya mutu. Ine ndili konsekonse. N'chifukwa chake ndavomera kuimirira.

Ndinabereka ana awiri okha, Nando ndi mlongo wake Luziya. Nando anali atangoyamba kumera ndevu pamene malume ake, amene amagwira ntchito ku Nampula, anamutumizira foni. Sipanapite nthawi, anakaikamo masewera ena ku Entre Lagos, amene anawa amati jogu. Ine sindinkawafuna n'komwe. Tsiku lina ndikupeta mpunga pakhonde, anabwera kudzakhala pambali panga n'kundiika foni pamaso.

“Amayi, taonani. Awa ndi ankhondo a m'makanema osiyanasiyana. Msilikali wachitsuloyu ndi wa kanema wina, mayi woponya matalalayu ndi wa nthano ina. Kwawoko sanakumanepo, koma muno awasonkhanitsa kuti azimenya nkhondo limodzi. Ndipo wa lupangayu ndine. Ndinamupanga ndekha, onani dzina pamwamba pa mutu wake.”

Ndinaona kamnyamata kovala malaya obiriwira, pamwamba pake palembedwa kuti Nando.

“Ndafika pachipata cha chimphona,” iye anatero. “Chandikanika, amayi. Chikangokwiya chimandipha.”

Ine ndinati, “Chikuphe kumene, mwina ungakumbuke kuti mbuzi sizinamwe madzi.”

Anaseka, n'kupita kukamwetsa mbuzi.

Mvula itayamba chaka chomwecho, Nando anadwala malungo. Tinkati ndi malungo wamba. Atayamba kubwebweta ndi kuuma khosi, abambo ake anamukweza panjinga, ine ndikuthamanga pambali nditamugwira msana. Sitinafike naye kuchipatala. Anatsirizikira panjira, mutu wake uli pachifuwa changa.

Pamaliro sindinalire. Amayi ena ankanditsina kuti ndilire, misozi osabwera. Kumanda ndinakana kupita, ndinangokhala m'nyumba nditayang'ana khoma. Anthu atabalalika, ndinayamba kulongedza zovala zake, ndipo m'thumba la buluku ndinapeza foni ija. Ndinaitchaja pa kasola kathu ka magetsi a dzuwa kamene tinkayatsira nyale. Ndinkangofuna kuona zithunzi zake basi. Koma chala chinakhudza pa jogu paja, nyimbo inalira, ndipo pagalasi panabwera kamnyamata ka malaya obiriwira, kataima pachipata pomwe iye anakasiya.

Abale anga, kankapuma. Mapewa ake ankakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Ukakasiya osakakhudza, kankatembenuza mutu ngati kakufuna munthu. Ine ndinali nditagwira chifuwa cha mwana wanga pamene chinaleka kuyenda, ndiye apa ndikuona dzina lake pamwamba pa chinthu chopuma. Ndinakhala pansi. Mpaka bateriya inatha ndili pomwepo.

Ine ndinaphunzira kuwerenga ku Malawi, tili kothawa nkhondo, ndipo Chipwitikizi changa ndi cha pamsika. Mawu a mu jogumo sindinkawamva. Ndinaphunzira ndi zala. Chala chachikulu chakumanzere chimayendetsa munthu, chakumanja chimamenya. Ukadina mofulumira amatema mopepuka motsatizana, ukagwira osasiya amatema kamodzi mwamphamvu. Mdani akamafuna kukumenya, maso ake amayaka, ndipo pamenepo uyenera kugubuduka kapena kutchinga ndi chishango. Pamwamba pali kamzere kofiira, ndiwo moyo wako. Pansi pake pali kabuluu, kakadzaza umadina pakati, onse atatu, Nando, msilikali uja ndi mayi wa matalala, n'kulumphira mdani nthawi imodzi, galasi lonse n'kuwala. Moyo ukachepa umasinthana ndi mnzako, mayi wa matalala uja n'kukuchiritsa uli kumbuyo.

Tsiku loyamba ndinamulowetsa pachipata paja osadziwa kanthu. Chimphonacho chinali ndi nyundo yaikulu kuposa nyumba. Chinamumenya, kamzere kofiira kanatha, mwana wanga anagwada n'kugwa chafufumimba. Ndinakuwa. Misozi imene inakana pamaliro inatuluka pamenepo. Kenako pagalasi panabwera mawu awiri, ndinadina amodzi mosadziwa, ndipo Nando anadzuka. Anaimanso pachipata, malaya osang'ambika, akupuma.

Inu ofedwa mukundimva. Ndani wa inu angakane kabatani kotero?

Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti pachipata paja sindidzamulowetsanso. Ndinabwerera naye kunkhalango ya mu jogumo, kumene kuli tizilombo tating'ono, timimbulu ndi tiasilikali tamafupa. Ukazipha zimagwetsa timiyala, timiyalato umasinthanitsa ndi zida ndi zovala, ndipo munthu wako amakwera mphamvu. Ndinamugulira nsapato zachitsulo. Ndinamugulira chisoti. Lupanga lake ndinalinola mpaka linayamba kutuluka moto. Mdani wamkulu akabwera ndinkamubisa kumbuyo, n'kutsogoza msilikali wachitsulo uja kuti zibonga zizigwera iye. Mumtima ndinkati ndikulera mwana. Ndinkaopanso chinthu china: anyamata anandiuza kuti ukapha chimphona chomaliza jogu imatha. Ine sindinkafuna kuti ithe.

Zinthu zinagwa mofulumira. Matemba amene ndinagula maliro asanachitike anawolera m'matumba, mphutsi zikuyenda pansi. Kunyanja ndinasiya kupita. Mpunga unacha kudimba, mbalame zinadya, ine ndili kuseri kwa nkhokwe ndi foni. Kasola kaja ndinakalanda, nyale sinayakenso, Luziya akafuna kuwerenga za kusikola ankayatsa udzu. Kukachita mitambo ndinkapita pa baraka ya a Saide, pamene amatchaja mafoni, n'kukhala pabenchi pakati pa anyamata ausinkhu wa mwana wanga, m'chiuno mwanga muli kapulana wosachapa, tsitsi losapesa, kudikira kuti bateriya idzaze. Anyamatawo poyamba ankaseka. Kenako anayamba kundifunsa nzeru za kagubudukidwe, ine n'kumanyada. Nkhuku zanga zinathera pamenepo, imodziimodzi.

Amuna anga anayesa. Tsiku lina anaima pakhomo n'kunena kuti, “Amake Nando, mwanayo ndinamuika m'manda ndi manja angawa. M'menemo mulibe munthu.”

Ndinati, “Inu munamukwirira, ine ndikumusunga. Ndisiyeni.”

Anafuna kundilanda foni, ndinawaluma padzanja. Sanandimenye. Anatenga ukonde wawo n'kupita kukakhala kuzisakasa za asodzi kugombe, osabweranso.

Amene anatsala nane ndi Luziya yekha. Kamtsikana kakang'ono, koma ndi iye ankatunga madzi, kusinja, kuphika, n'kundiikira mbale pambali. Nthawi zina ndinkadya, nthawi zina nyerere zinkadya. Anasiya sikola, ine osadziwa. Yunifolomu yake inang'ambika kumsana, ine ndili kalikiliki kufunira mwana wa m'foni malaya a golide.

Pafupi ndi ife pamakhala Abiti Mwamadi, mayi wachisilamu, mnzanga wa zaka zambiri. Tinkayendera limodzi malonda a nsomba. Tsiku lina masana anabwera kuseri kwa nkhokwe kuja n'kukhala pansi moyang'anizana nane.

“Amake Nando, ndabwera ndi nkhani. Mwana wanu wakula. Anabwera kwa ine akulira, sankadziwa kuti chikumuchitikira n'chiyani. Ndamusambitsa, ndamupatsa nsalu, ndamulangiza zoyamba. Zotsalazo n'zanu ndi azakhali ake.”

Pa nthawi imeneyo n'kuti timimbulu titandizungulira, kamzere kofiira katatsala pang'ono. Sindinadzutse mutu. Ndinangoti, “Ndamva, zikomo.”

Abiti anati, “Mwamva chiyani?”

Zoona zake, sindinamve kalikonse. Anaimirira, anakutumula kapulana wawo, n'kumapita.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndimaliopa. Kunali m'mawa. Ndinasiya foni pa kasola n'kupita kuseri kukasamba, chifukwa thupi linali litayamba kundinyansa ndekha. Pobwera ndinaitenga, ndinayatsa, ndinafufuza. Pamene pankakhala jogu panali popanda kanthu. Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Palibe. Luziya anali ataima pafupi ndi mtondo, manja kumbuyo, akundiyang'ana.

“Wagwira foni iwe?”

“Ndafufuta, amayi.”

Sanathawe. Akanathawa mwina zikanakhala bwino. Ndinatola chikuni pamoto, chosayaka koma cholemera, n'kuyamba kumumenya. Anatchinga ndi dzanja, ndinamenya dzanjalo. Anagwa pansi, ndinapitiriza. Ndipo ndinanena mawu awa, ndiwanena monga momwe ndinawanenera: “Wandiphera mwana kachiwiri! Bwenzi utafa ndiwe, Nando n'kutsala!”

Atamva zimenezo analeka kulira. Anangondiyang'ana. Ine ndinaponya chikuni n'kuthamangira kwa a Saide, osatembenuka.

Ndinawagwira miyendo a Saide. “Mubwezeni, chonde, mubwezeni.” Iwo anati jogu angathe kuikamonso, koma zonse zimene zinali m'katimo zinapita, chifukwa mwanayo sanazisunge kwina kulikonse. Ine sindinamve, ndinati ikanimoni basi. Netiweki inali yovuta, tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Itatseguka, panabwera kamunthu kopanda nkhope yodziwika, kovala sanza, kopanda lupanga, ndipo pansi pake kabokosi kopanda kanthu. A Saide anati, “Apa akufuna mulembe dzina.”

Ndinali nditalemba chilembo choyamba pamene ndinamva njinga ikugwa pansi kumbuyo kwanga. Anali Abiti Mwamadi, thukuta lili chuchuchu.

“Mwakhala pano? Luziya wapita!”

“Wapita kuti?”

“Kuli mayi wina wakhala akuzungulira m'midzi muno, akufuna atsikana okagwira ntchito m'nyumba za anthu ku tawuni. Palibe akumudziwa kwawo. Anamunyengerera kale Luziya, iye anakana, anati sangasiye amayi ake okha. Lero anthu amuona atakwera naye njinga yamoto, kaphukusi pamiyendo, alunjika ku Entre Lagos. Akakwera minibasi ya shapa kumeneko simudzamuonanso.”

Ndikuuzeni zoona, popeza ndabwerera zoona. Ndinayang'ana kaye pafoni. Mwana wanga wamoyo akutengedwa ndi munthu wosadziwika, ine maso anapita kaye pa kabokosi kaja. Abiti anaona. Anandimenya mbama, pamaso pa anyamata onse, ndipo anati, “Kwerani njingayi, apo ayi ndikwera ndine, ndipo mwanayo akhala wanga.”

Ndinakwera. Msewu umenewo ndauyenda moyo wanga wonse ndi matumba a nsomba, koma tsiku limenelo miyendo inalibe mphamvu, chifukwa ndinali nditakhala nthawi yaitali osadya bwino, osagwira ntchito. Ndinagwa pamchenga, bondo linachubuka, ndinadzuka. Ndinkapalasa ndikupemphera pemphero lopanda mutu, ndikungoti Mulungu imitsani galimoto, Mulungu iphwetseni tayala. Pakamwa panauma. Ndinasanza m'mbali mwa msewu n'kukweranso. M'mutu munkangobwera mawu anga aja, ndipo ndinayamba kuwamva ngati akunena munthu wina, mfiti yeniyeni, kwa mwana wanga.

Nditafika ku Entre Lagos ndinaponya njinga pafupi ndi njanji n'kuyamba kusuzumira m'mashapa onse. Ndinamupeza m'shapa yopita ku Cuamba, yotsala pang'ono kudzaza. Anakhala pawindo, dzanja lotupa atalikulunga ndi kansalu. Pambali pake panali mayi wonenepa wa magalasi akuda, ndi atsikana ena awiri.

“Luziya, tsika mwanangu.”

Sanandiyang'ane.

Mayi uja anati, “Kodi inu ndinu ndani? Mwanayu wandiuza kuti alibe mayi.”

Mawu amenewo anandilowa ngati mpeni. Ndinagwada pafumbi, pansi pa windo, anthu ogulitsa nthochi ndi okwera onse akuonerera. Ndinatulutsa foni n'kuikweza m'mwamba.

“Nayi. Tenga. Ukaponye m'nyanja, uiphwanye ndi mwala, chilichonse. Koma tsika.”

Pamenepo anatembenuka. Nkhope yake sinali ya mwana.

“Mukuganiza kuti nkhani ndi foni, amayi? Munati bwenzi nditafa ndine. Ndiye ndikupita kuti mukhale ngati ndinafa.”

“Ndinalankhula ndi misala, mwanangu.”

“Ayi. Munalankhula zimene mwakhala mukuchita. Chimwalirireni achimwene simunanditchulepo dzina. Lero ndi loyamba.”

Zinali zoona.

Kondakitala anayamba kumenya chitseko, akuti tiyeni tiyeni. Mayi uja anati, “Nthawi yatha, mayi, chokani pagalimoto.” Ine ndinagwira chitsulo cha windo ndi manja onse awiri. Ndinati mukandikoka nayo, ndikokeni.

Luziya anayamba kulira, ndipo mawu anatuluka onse pamodzi.

“Mukuganiza kuti kufufuta kuja sikunandiwawe? Malaya obiriwira aja ndinasankha ndine! Achimwene ankafuna akuda, ine ndinati obiriwira, anandimvera. Tinkasewera tonse kudimba poingitsa mbalame, iwo akatopa ankandipatsa ine mayi wa matalala uja kuti ndiziwachiritsa. Inu munatenga foni, simunandionetseko ngakhale kamodzi. Anali achimwene anga inenso! Ndinkabwera kumbuyo kwanu kudzasuzumira, inu munkandiingitsa ngati nkhuku. M'mawa muja ndisanafufute ndinawayang'ana, ndinawatsanzika. Chala chinkakana. Koma ndinati mwina ndikatero amayi abwerera.”

Abale anga, pa miyezi yonse ija sindinaganizepo kuti m'nyumba mwanga muli wofedwa wina. Ndinkaona ngati maliro ndi anga ndekha. Mwana ameneyu anataya mchimwene wake, abambo ake anachoka, mayi ake anali kuseri kwa nkhokwe, ndipo ankalira yekha kwinaku akundiphikira.

Sindinapemphe kuti andikhululukire, ndinaona kuti sindikuyenera. Ndinangoti, “Luziya, mawu aja ndi bodza, ndipo ndidzawalipira moyo wanga wonse. Ukandida, undide. Usabwerere kwa ine ngati sukufuna. Koma usapite ndi munthu amene sukumudziwa. Tsika, ukakhale kulikonse kumene ufuna, kokha kukhale kumene ndingakuone.”

Amayi ena ogulitsa pamenepo, amene amandidziwa pa malonda a nsomba, anali atayandikira. Mmodzi anafunsa mayi wa magalasi uja kuti, “Kodi atsikana enawa makolo awo akudziwa? Tiyeni tikafunse kwa apolisi a pamalirepa.” Mayiyo anasintha nkhope. Anatsika ngati akukagula madzi, ndipo sanabwererenso. Atsikana awiri aja anatsitsidwa, amayi aja anawasunga kuti awabweze kwawo.

Luziya anatsika pomaliza. Ndinatambasula manja, iye anandilambalala.

“Ndikakhala kwa Abiti,” anatero. “Kwanu ayi.”

Tinabwerera wapansi, iye patsogolo, ine kumbuyo ndikukankha njinga.

Tsopano ndinene mmene ndinakwerera kuchoka m'dzenjemo, chifukwa mwina wina pano akufuna kudziwa poyambira. Musaganize kuti ndinachira pa shapa paja. Pamenepo ndinangodzuka, kuchira kunatenga nthawi.

Foni ndinaipereka kwa Abiti tsiku lomwelo, ndipo ndinawauza kuti ngakhale ndibwere ndikulira asandipatse. Ndinabweradi ndikulira, kangapo konse. Anakana. Anachotsamo jogu ija, zithunzi za Nando anakazitsukitsa ku Cuamba, foniyo anaitumiza kwa malume ake. Ngati muli ndi vuto ngati langa, musadzisungire nokha chinthucho n'kumati ndidziletsa. Simudziletsa. Patsani munthu wouma mtima amene amakukondani.

Masiku oyamba anali oopsa. Ndikatseka maso ndinkaona timizere tofiira. Zala zinkadina zokha pa kapulana. Mwana wina akaponya mwala pafupi, thupi linkafuna kugubuduka. Ndipo ndinagwanso, ndisakubisireni. Tsiku lina ndinapezeka ndili pa baraka, ndabwereka foni ya mnyamata wina, ndikumenya timimbulu ndi munthu wa eni ake. Nditadzutsa mutu ndinaona Luziya akudutsa ndi ndowa pamutu. Anandiona. Anapitiriza ulendo wake. Ndinabweza foniyo, ndinapita kwa a Saide n'kuwauza kuti, “Mukadzandionanso pabenchi apa, mundithamangitse ngati galu.” Anavomera, ndipo anauza anyamata onse. Mpaka lero ndikamapita kumsika ndimazungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pamenepo.

Manja amafuna chogwira. Abiti ankabwera m'mawa uliwonse kudzandigogodera, kunditengera kugombe kukasankha matemba ndi kuyanika. Sankandifunsa ngati ndikufuna. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi amuna anga, akusoka ukonde. Ndinagwada patsogolo pawo, asodzi anzawo akuona. Anandionetsa chipsera cha mano anga padzanja n'kunena kuti, “Ichi chinapola kale. Koma dzanja la mwana lija mwapita nalo kuchipatala?” Tinapita naye tonse awiri tsiku lotsatira. Fupa linali litang'aluka. Adokotala atafunsa chimene chinachitika, Luziya anati anagwa mumtengo. Ine ndinati ayi, ndinamumenya ndine. Namwino wina wachikulire anandiitanira pambali, anandifunsa za Nando, ndipo anandiuza kuti chisoni chikakhala chosalira chimasanduka matenda, ndizibwera kudzacheza naye. Ndinkapita. Musachite manyazi ndi zimenezo.

Chovuta kuposa zonse chinali kumanda. Ndinali ndisanapondeko. Ndinapempha akuluakulu a mudzi, anatiperekeza ine ndi amuna anga. Luziya anabwera yekha pambuyo, anaima patali. Nditaona mtumbira, udzu utamera kale pamwamba, ndinadziwa ndi thupi langa lonse kuti mwana wanga ali apa ndipo sadzukanso. Ndinagwa pansi. Ndinalira mpaka mawu anatha. Ndili chigonere ndinamva wina akulira pambali panga, ndipo anali Luziya. Sitinagwirane, koma tinalira pamalo amodzi.

Anakhalabe kwa Abiti mpaka mpunga wina unacha. Ine ndinkapita m'mawa kukamusiyira phala pakhomo, ngati mmene iye ankandichitira. Nthawi zina ankadya, nthawi zina ankapatsa ana a Abiti. Ndinaitana azakhali ake, tinamulangiza monga mwa mwambo, mochedwa koma tinachita. Ndinapita kusikola kukapempha aphunzitsi kuti amulandirenso, ndipo anabwereza kalasi. Anzake ali patsogolo, ndipo chimenecho ndinamubera ndine. Anabwerera kunyumba tsiku lina popanda kulengeza, ndinangoona kaphukusi kake pamphasa.

Inu anyamata, sindinabwere kudzanena kuti jogu ndi satana. Mwana wanga ankasewera n'kukamwetsa mbuzi, ankasewera n'kumaseka ndi mlongo wake. Ine ndinalowamo pothawa, ndipo wothawa sabwerako yekha. Ngati ukusewera kuti usamve chinachake, ngati wina akulankhula nawe iwe n'kuyankha kuti ndamva usanamve, ngati wayamba kubisala, uza munthu lero lomwe. Ndipo inu amayi ndi abambo ofedwa, mwina kwanu si foni. Mwina ndi kachasu, mwina ndi kugona, mwina ndi mapemphero osatha mpaka kuiwala kuphika. Mukafika kunyumba muyang'ane amene watsala. Nayenso waferedwa.

Dzanja la Luziya silitambasuka bwino mpaka pano, kukazizira limamupweteka. Ndimaliona tsiku lililonse akamanyamula ndowa. Atsogoleri a gulu lino atandipempha kuti ndidzalankhule pano, ndinamufunsa kaye iye, popeza nkhaniyi ndi yakenso. Anati, “Mukanene. Koma mukanene zonse, ndi mawu aja omwe. Mukakabisa mawu aja, musakaimirire n'komwe.”

Ndanena zonse. Sanandiuzebe kuti wandikhululukira, ndipo sindimufunsa. Kulowa muno wakana, akuti sakufuna kuwamvanso kachiwiri. Koma wandiperekeza ndi iye, ndipo ali panja apo pansi pa mtengo, akundidikira kuti tizipita limodzi. Mundilole ndisamuchedwetse.